Pompa! Gwira! Mabuleki a kale ndi a lero pa msewu wa Chisenga

Inu amene mudakwerapo galimoto m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pa msewu wochoka ku Chitipa kudzera pa Chisenga, Wenya ndi Nthalire mpaka kukwera Nyika, mukulikumbukira phazi la dalaivala. Mtsetse usanayambe, phazilo linkayamba kupopa buleki, kamodzi, kawiri, kachitatu, ndipo pokhapo m'pamene Land Rover inkavomera kuti yamva. Palibe ankadabwa nazo. Amayi ankangomugwiritsa mwana, abambo n'kugwira chipewa, nkhani n'kumapitirira. Kumbuyo kunkakhala mnyamata wa galimoto ali chile ndi chipika chake cha mtengo, kuti galimoto ikafooka pa chitunda adumphe n'kuchitsamiritsa ku tayala isanayambe kubwerera chafutambuyo. Chipikacho chinkawerengedwa pamodzi ndi jeke ndi sipanala, ndipo dalaivala woiwala chipika ankanyozedwa kuposa woiwala layisensi.

Ana a masiku ano sazidziwa zimenezi, ndipo sindikuwafunira kuti azidziwe. Pa depoti ya Chitipa padzaza ma Probox ndi ma Sienta, galimoto zoyendapo kale ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Mnyamata woyendetsa amangogunda buleki ndi chala cha kuphazi, foni ili kukhutu, galimoto n'kuima nji! Mufunseni zimene zili kuseri kwa tayala, akuyankhani kuti, "Mapadi, madala," nkhani n'kuthera pomwepo. Mu Probox yopangidwira anthu asanu muli anthu okwana timu ya mpira, kumbuyo matumba a chimanga ndi nkhuku, koma iye alibe nazo mantha. Buleki wake sadayambe wamunamizapo.

Athu aja ankanama, ndipo tinkawadziwa kuti ndi onama. Land Rover ya Series, kuyambira yoyamba ya mu 1948 mpaka Series III imene adasiya kupanga mu 1985, inali ndi madiramu ku matayala onse anayi. Mkati mwa diramu muli mashu awiri opindika, ndipo mukaponda buleki kasilinda kamawakankhira kunja kuti akhule khoma la diramuyo. Mashu akamadyeka amatalikirana ndi khoma, phazi n'kumapita pansi kwambiri lisanapeze kanthu, ndiye chiyambi cha kupopa kuja. Mankhwala ake anali kuseri kwa tayala, pa kabawuti kosinthira. Unkakweza tayala pa jeke, n'kumanga kabawutiko mpaka tayala litakana kuzungulira, kenaka n'kumabweza pang'onopang'ono mpaka lizizungulira likungonong'ona. Iyi inali ntchito ya Loweruka lililonse m'mawa kwa dalaivala wodzilemekeza, kaya wa boma, wa mishoni kapena wa ADMARC. Dera lathu silinkalola ulesi pa zimenezi. Chisenga ali m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, amene ndi malire athu ndi Zambia. Nsonga yake ina, ya mamita 2,339, ndiyo malo okwera kwambiri m'Zambia yense, ndipo mtsinje wa Luangwa umayambira m'mapiri omwewo. Mapiri otere amatsitsa timitsinje tambirimbiri, ndipo m'dzinja galimoto ikawoloka pamadzi, madiramu ankamwa madzi ndi matope, buleki n'kusowa mphamvu. Dalaivala wodziwa ankayenda kamtunda phazi lamanzere litatsamira pang'ono pa buleki kuti mashu aume asanafike pa mtsetse wina.

Tsiku lotsegula diramu linali ndi mwambo wake. Poyamba kulimbana ndi kasikuluu kogwira diramu kamene kadachita dzimbiri chaka chatha. Kenaka hamala, kho! kho! kuzungulira mlomo wonse, mpaka diramu itagwedezeka n'kutuluka, fumbi lakuda n'kukhuthukira pa mawondo a makaniko. Fungo lake silidandichokebe m'mphuno: chitsulo chopserera, girizi wakale ndi thukuta la ovololo yosachapidwa. Mashu sankatayidwa. Makaniko ankakhomola maliveti akale ndi kachitsulo kosongoka, n'kuchotsa chikhutiro chodyekacho, n'kupala shu mpaka mbee. Kenaka ankatulutsa chatsopano m'kabokosi ka Ferodo, kampani imene Herbert Frood adayambitsa ku England mu 1897, pamodzi ndi maliveti ake amkuwa. Pokhoma ankayambira pakati kupita kunsonga kuti chikhutiro chisatukumuke, ndipo pomaliza ankasesa nsonga zonse ziwiri ndi tupa kuti zisamagwire mwadzidzidzi. Ntchito ya tayala limodzi inkatha theka la tsiku, ana titazungulira, aliyense akulakalaka atatumidwa sipanala. Amene wapatsidwa kasipuling'i kuti asunge m'manja ankayenda monyada sabata yonse.

Koma pano ndiyenera kuligwira lilime langa, poti likuyamba kukometsa zinthu. Fumbi lakuda lija linali ndi asbestos. Makaniko ankaliuzira ndi pakamwa, phuu! ife ana tili pomwepo tayasamula kukamwa. Timaulusi ta asbestos tikalowa m'mapapo sitituluka, ndipo timayambitsa matenda oopsa, kuphatikizapo khansa, amene amaonekera patapita zaka 20, 30 kapena 40. Maiko a European Union adaletseratu asbestos mu 2005, South Africa mu 2008. Akuluakulu aja ankatsokomola kukalamba kwawo konse, ife n'kumati ndi fodya wopichira. Mwina analidi fodya. Amene ali ndi galimoto yakale yosatsegulidwa madiramu kwa zaka zambiri asalole mwana kuuzira fumbilo. Alinyowetse kaye ndi madzi a sopo, alipukute ndi chisanza n'kuchitaya. Panalinso mchitidwe wina umene tinkauyesa nzeru: mashu akanyowa ndi oyilo wodontha mu habu, ankawathira petulo n'kuwayatsa kuti oyiloyo apse. Lawi linkasangalatsa, koma oyilo wolowerera mkati ankabwereranso pamwamba mashu akangotentha pa mtsetse.

Lero mapadi amabwera m'kabokosi, anayi pamodzi, ochokera ku Karonga, ku Mzuzu kapena kutsidya ku Nakonde ndi Tunduma. Mabawuti awiri, kalipa yogwira mapadi n'kutseguka, akale kunja, atsopano mkati, tiyi asanazizire. Ndipo tisanamizane, disiki ndi chinthu chabwino kuposa diramu. Ili pamtetete, mphepo imaiziziritsa. Ikawoloka pamadzi imawaza madziwo pozungulira. Mapadi akamadyeka pisitoni imadzisuntha yokha, osafuna munthu wogona pansi Loweruka. Azungu adaziona zimenezi pa mpikisano wa Le Mans mu 1953, pamene Jaguar ya madisiki a Dunlop idapambana, ndipo mu 1955 Citroën DS idawabweretsa pa galimoto ya anthu wamba. Kwathu kuno ambiri tidayamba kuwaona pa Peugeot 504, imene idatuluka mu 1968: ya saluni inali ndi madisiki ku matayala onse anayi, pamene pikapu yake inali nawo kutsogolo kokha. Land Rover idachedwa. Madisiki akutsogolo adafika ndi One Ten mu 1983. Munthu amene angandiuze kuti abwerere ku madiramu anayi pa mtsetse wopita ku Karonga, ndimulola apite yekha.

Chimene chikundivuta ndi china. Popeza mapadi savuta kusintha, anthu aiwala kuti padi imagwira ntchito ndi mnzake, disiki, ndipo mnzakeyo amafuna kukonzekeretsedwa. Chaka chatha ndidakhala pa benchi pa galaja ina ya pansi pa mtengo ku Chitipa boma, pamene 504 pikapu ya mphunzitsi wina wopuma ntchito inkakonzedwa. Ma 504 adapitiriza kupangidwa ku Kenya mpaka m'ma 2000, ndiye akadalipo ena oyenda, ngakhale penti idawathawa kalekale. Mwini galaja ndi mkulu wa imvi, wophunzira ntchito nthawi ya maliveti. Womuthandiza ndi mdzukulu wake wa ndolo kukhutu. Tayala litachoka, mnyamata adatenga sikuludiraiva yaikulu kuti akanikize pisitoni potsamira pa disiki.

"Iwe, siya chimenecho," adatero mkuluyo osakweza mawu. "Bwera nacho chala chako. Yendetsa chikhadabo apa."

Mnyamata adayendetsa chikhadabo kuchoka pakati pa disiki kupita kumlomo. Chinkakodwa paliponse. Disikiyo inali ndi mizere ngati munda wa chimanga wolimidwa kumene, ndipo kumapeto kwake kudatsala mlomo wokwera, pomwe padi siifika.

"Agogo, koma aphunzitsi angogula mapadi okha."

"Aphunzitsi agula zimene akudziwa. Ife tiwauza zimene sakudziwa."

Padi yatsopano ndi yosalala; ikaikidwa pa disiki ya mizere imangokhudza nsonga za mizereyo, motero buleki amakhala wofooka masiku oyamba, amalira, ndipo padiyo imadyeka msanga potsata mizere yomweyo. Mkuluyo adapala dzimbiri m'mphepete mwa disiki ndi bulashi yawaya mpaka zilembo zitaonekera: MIN TH, kutsogolo kwake nambala ya mamilimita. Ameneyo ndiye malire a kuonda kwa disiki. Ikaonda kupitirira apo singathenso kumeza kutentha, imapsa msanga, imatha kung'aluka, ndipo sibwezeka. Poyeza adachita kanzeru kamene sindidakaonepo kwina. Poti veniya yoyezera imakagwira pa mlomo wokwera uja n'kunamiza munthu kuti disiki idakali yonenepa, adaika kawashala mbali iyi ndi kena mbali inayo, n'kuyeza zonse pamodzi, kenaka n'kuchotserapo kunenepa kwa mawashala awiriwo. Adalemba masamuwo pansi ndi msomali. Disiki ya kumanzere inali itadutsa malire. Ya kumanja ikadatha kupirira, koma madisiki amasinthidwa awiriawiri monga mapadi omwe, kuti galimoto isamakokere mbali imodzi poima. Aphunzitsi adapukusa mutu, adatchula za penshoni, koma adavomera.

Kale nkhani ikafika pamenepa, galimoto inkakhazikidwa pa miyala. Diramu yokumbika inkafunika makina osemera zitsulo, ndipo makinawo anali kutali, ku Mzuzu kapena kupitirira. Diramu inkakulungidwa m'chiguduli n'kukwezedwa basi ya UTM, pamodzi ndi kalata yopita kwa m'bale wa m'tauni. Msewu wa Karonga unali usanaikidwe phula, ndipo mvula ikagwa basi inkatha masiku isanaoneke. Galimoto inkakhala pa miyala mpaka nkhuku kuikira mazira pansi pake. Ambiri, osafuna kudikira, ankangopukuta diramu ndi sandipepa n'kubwezeretsa. Ndipo ndisakunamizeni kuti akale onse ankayeza. Ambiri analibe n'chopimira chomwe; ankayeza ndi diso ndi chala chachikulu, n'kunena kuti "ipita iyi." Ina inkapitadi, ina inkakathera kuphompho.

Madisiki a aphunzitsi adafika pasanathe sabata. Mdzukulu uja ndiye adawapeza: adajambula yakale pa foni, adatumiza chithunzi ndi muyeso pa WhatsApp kwa wamalonda wina kutsidya la malire, ndalama n'kuyenda pa foni pomwepo. Apa mkulu wa imvi adangokhala chete, poti pa zimenezi mwana ndiye mphunzitsi. Koma zitsulo zitafika, udindo udabwerera kwa mwini wake. Disiki yatsopano imabwera itapakidwa kamafuta koteteza dzimbiri, konanda m'manja, konunkha ngati mkati mwa sitolo ya zitsulo. Kamafutako kakapanda kuchotsedwa kamalowa m'padi tsiku loyamba lomwelo, padi n'kuwonongeka isanagwire ntchito. Pali mankhwala opopera ogulitsidwa m'zitini, koma mkuluyo adatenga madzi otentha ndi sopo, n'kutsuka mbali zonse ziwiri, n'kuumitsa padzuwa, kenaka n'kupukuta ndi kansalu koyera konyowetsa sipiriti mpaka kansaluko kasiya kuda. Palafini ndi dizilo adaziletsa, poti nazo zimasiya mafuta. Kuchokera apo palibe adaloledwa kugwira pankhope pa disiki ndi dzanja la girizi.

Kenaka idabwera ntchito imene palibe mwini galimoto amaiona kapena kuilipira. Pa galimoto zambiri zakale disiki imamangidwa kuseri kwa habu, ndiye habu yonse imachoka pamodzi ndi maberingi ake. Malo amene disiki imakhalapo amakhala ndi dzimbiri ndi dothi louma. Mkuluyo adakhala pa chitini, habu ili pamiyendo, n'kumapala ndi bulashi yawaya, kenaka sandipepa, mpaka chitsulo chidawala. Kachibanthu kamodzi ka dzimbiri kotsalira pamenepo kamapendeketsa disiki, ndipo kupendeka kololedwa pa galimoto zambiri sikupitirira 0.1 mm. Diso silingakuone, koma pakapita miyezi ingapo disiki imadyeka mosalingana, chiwongolero n'kuyamba kunjenjemera poima, mwini galimoto n'kumati adamugulitsa disiki yabodza. Mabawuti adawamanga modumphadumpha, ili kenaka la kutsidya kwake, pang'onopang'ono mpaka onse atalimba mofanana. Maberingi adatsukidwa n'kudzazidwa girizi watsopano ndi chikhatho. Kalipa nthawi yonseyi inali itapachikidwa pa sipuling'i ndi waya, osati kulendewera pa kapaipi kake ka labala. Pisitoni adaibweza ndi chopanira cha akalipentala, atatsamiritsa padi yakale, ndipo pomwe kalipa imatsetsereka adapaka girizi wa mabuleki, poti girizi wamba amatupitsa labala. Habu itabwerera, adagwiriza nsonga ya sikuludiraiva pafupi kwenikweni ndi disiki, mdzukulu n'kumazunguliza, iye khutu ndi diso zili pomwepo kuti amve ngati ikukhula mbali imodzi.

Anyamata a m'magalaja ena akadaona zimenezi akadaseka. Kwa iwo mlomo wa disiki amaudula ndi gilayinda, moto uli thethethe, n'kuponyamo mapadi, galimoto ina ili kale pamzere. Sindiwada kwenikweni. Mwini Sienta amawerengera ola lililonse limene galimoto yaima, poti madzulo ayenera kukapereka ndalama kwa bwana wake. Makaniko amalipidwa pa chitsulo chimene wasintha. Kupala habu kulibe mtengo. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu akafika pa kauntala n'kuuzidwa mitengo itatu ya mapadi, dzanja limapita lokha pa otsika. Ena mwa otsikawo kabokosi kake n'kokongola kuposa enieni, koma akatentha chikhutiro chimamatuka pa chitsulo. Makaniko wakale ankadziwa chimene wakhoma poti maliveti adawakhoma yekha. Wa lero amakhulupirira guluu amene sadamuone, wopakidwa ndi munthu amene sadzakumana naye.

Chimene sichidasinthe ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi. Mafuta a mabuleki safinyika, koma mpweya umafinyika, ndiye kathovu kamodzi kokha kamachititsa buleki kukhala wofewa. Ambiri a ife tidakhala koyamba pa mpando wa dalaivala chifukwa cha ntchito imeneyi. Makaniko ali pansi ndi sipanala yaing'ono, kapaipi kolowa m'botolo la Fanta, kuyambira tayala lakutali kwambiri ndi masita silinda. Mwana ali pamwamba, watambasula mwendo mpaka msana wachoka pa mpando. "Pompa! Pompa! Gwira!" Buleki n'kumira pansi pa phazi. "Wagwira?" "Ndagwira, adada!" "Usasiye!" Wosiya msanga ankabwezera mpweya mkati, ndipo khofi linkamupeza asanatsike n'komwe. Land Rover yaitali ija ya 109, ya madiramu a mainchesi 11, inali ndi masilinda awiri ku tayala lililonse lakutsogolo, ndipo inkabisa mpweya moti anthu ankapopa kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka ng'ombe kulowa m'khola. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero akuluakulu, uku akutukwana Mngelezi amene adaipanga. Pa 504 ya aphunzitsi mawu anali omwewo, kungoti wopopa anali ndi zomvetsera nyimbo m'khutu, moti agogo ake adachita kubwereza "gwira" mokuwa.

Tikamakamba za luso la akale timakonda kudumpha zimene ankachita mafuta a mabuleki akatha m'tchire. Ankasungunula sopo waufa m'madzi n'kuthira. Galimoto inkafikadi kunyumba, ndipo nkhaniyo inkakambidwa pamowa ngati chamuna. Zimene sizinkakambidwa n'zakuti madziwo ankasiyidwa momwemo miyezi, n'kudya masilinda ndi dzimbiri, ndipo madzi amawira pa madigiri 100 okha. Tayala limodzi likamadontha, ankaphwanya paipi yake ndi hamala kapena kutsekamo msomali, galimoto n'kumayenda ndi mabuleki a matayala atatu, ikuthawira kumbali nthawi iliyonse waponda. Galimoto zambiri za nthawiyo zinali ndi njira imodzi yokha ya mafuta, moti paipi imodzi ikabooka pa mwala, mabuleki onse anayi ankapita limodzi. Chotsala chinali giya ndi handibuleki, amene pa Land Rover ndi kadiramu kena kuseri kwa giyabokosi. Galimoto za lero zili ndi njira ziwiri; ina ikafa, inzake imatsala. Ife okamba nkhanizi ndife amene tidafika. Amene mabuleki adawakana pa mitsetse ija sali pano kuti atitsutse, ndipo galimoto zinali zochepa, zoyenda mochedwa, ngozi n'kumamveka mwa apo ndi apo. Tisadzitame kwambiri.

Komabe pa nkhani ya mafuta a mabuleki, a lero nawo ali ndi mlandu. Mafutawa amakoka chinyezi cha mumpweya. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi amawira cha m'ma 140. DOT 4 imachoka pa 230 kufika cha m'ma 155. Ikawira imasanduka nthunzi, phazi n'kumira mpaka pansi popanda chogwira. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Funsani pa depoti amene adasinthapo. Onse amangowonjezera, kuchokera m'kabotolo kotsegulidwa kale kamene kakhala miyezi m'galimoto. Ndipo msewu wa Karonga–Chitipa, wa makilomita 101, utaikidwa phula ndi ndalama za ku China kumayambiriro a zaka za m'ma 2010, liwiro lidakwera koma mapiri sadatsike. Dalaivala wakale anali ndi lamulo limodzi losasweka: giya imene wakwerera phiri ndi yomweyo utsikire. Injini inkalira, galimoto ikutsika mwaulemu, mabuleki akupuma. Mnyamata wa otomatiki amasiya pa D kuchoka pamwamba mpaka pansi, phazi lili pa buleki, fungo la mapadi opsa likulowa pawindo. Zilembo zinazo, L, 2 kapena B, amaziyesa zokongoletsa. Kanyali ka ABS kakayaka, ena amakamata ndi tepi yakuda kuti kasamawasowetse mtendere.

Pa nkhani ya ulemu, ndikhoza kudandaula tsiku lonse koma ndifupikitsa. Kale mwini galimoto ankakhala pomwepo ntchito yonse, atavula jekete, akupatsira masipanala, ndipo masana nsima inkabwera ya onse, makaniko n'kuyamba kusamba m'manja. Malipiro ankatha kukhala thumba la nyemba kapena mbuzi, ndipo ngongole inkadikira kukolola. Ubwino wake, munthu ankaidziwa galimoto yake. Kuipa kwake, sukadatha kumudzudzula makaniko akalakwitsa, poti ndi asibweni a akazi ako, ndiponso kunalibe wina woti n'kupitako. Lero umasiya makiyi, umalandira uthenga pa foni, umalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ukapanda kukhutira umasamukira pa mtengo wina. Mdzukulu wa ndolo uja amaonera pa YouTube mmene amakonzera galimoto imene sadaionepo, ndipo amadziwa za masensa zimene agogo ake sadzazimvetsa. Ndidamuona madzulo ake akupala habu yachiwiri yekha, osatumidwa, nkhope ili yokwinya.

Matayala atabwerera, aphunzitsi adafuna kulipira n'kumapita. Mkuluyo adakana kupereka makiyi. Adayamba wapopa buleki galimoto ili chiimire mpaka adalimba, poti pisitoni yobwezedwa imafuna kufika kaye pa padi. Oiwala zimenezi amagunda mpanda potuluka pa galaja. Kenaka adati padi ndi disiki zatsopano ziyenera kuzolowerana. Umapeza msewu wowongoka wopanda anthu, n'kuthamanga cha m'ma 60 pa ola, n'kuponda mwapakatikati mpaka liwiro litatsika kwambiri koma osaimiratu, n'kubwereza kangapo, kenaka n'kuyenda osagwira buleki kuti zizizire. Potero padi imasiya kagawo kake kopyapyala mofanana pankhope ponse pa disiki. Ukaimiratu phazi lili pa buleki zitsulo zili moto, padi imadinda malo amodzi, kunjenjemera kuja n'kuyambira pomwepo. Adawonjezera kuti kwa masiku angapo asanyamule katundu wolemera ndipo asaponde mwaukali popanda chifukwa.

Vuto lidali la petulo. Geji ya 504 idafa kalekale, ndipo aphunzitsi adati zimene zili mu thanki n'zongowafikitsa ku Chisenga. Mkuluyo adati iye satulutsa galimoto yosayesa. Adakangana mwaulemu, aliyense akutchula mnzake kuti adada, mpaka adagwirizana kuti aphunzitsi agule malita awiri, makaniko achotsere mtengo wa lita imodzi pa ntchito yake. Mdzukulu adatumidwa ndi chigubu pa njinga yamoto, ndipo atabwera adapempha kuti ayendetse ndi iye. Adamuuza kuti akhale kumbuyo, amvetsere ngati tayala lina likulira.